Data ikutha koma firewall sikuonetsa amene akuimaliza

M'maofesi, m'masukulu ndi m'mabungwe ambiri amene intaneti yawo imadutsa pa firewall, chipangizo choima pakati pa netiweki ya mkati ndi intaneti chimene chimalola kapena kukana zodutsa, muli dandaulo limene limabwera mwezi ndi mwezi: bandulo imene inayenera kufika kumapeto kwa mwezi yathera pakati, kapena m'mawa uliwonse imelo imakana kutuluka ndipo misonkhano ya pa Zoom imangodukaduka. Abwana akafunsa kuti akumaliza intaneti ndi ndani, woyang'anira makompyuta amatsegula firewall ali ndi chikhulupiriro chonse kuti dzina la wolakwayo lili pomwepo. Chimene amapeza ndi kaundula wopanda chilichonse chothandiza, kapena manambala amene dzulo anali a kompyuta ina ndipo lero ndi a ina, kapenanso adiresi imodzi yokha imene ikuoneka kuti yameza theka la data ya ofesi yonse. Zonsezi zili ndi zifukwa zodziwika, ndipo nthawi zambiri sizifuna kugula chipangizo china.

Zitsanzo za m'nkhani ino zachokera pa pfSense, pulogalamu ya firewall yomangidwa pa FreeBSD imene kampani ya Netgate imasamalira, ndipo imatha kuikidwa ngakhale pa kompyuta yakale ya makadi awiri a netiweki. OPNsense, imene inapatuka ku pfSense mu 2015, ili ndi mayina ena a masamba koma imagwira ntchito mofanana, ndipo amene ali ndi FortiGate, Sophos kapena MikroTik adzawazindikira mavuto omwewa ngakhale mabatani ali pena.

Choyenera kumvetsa musanakhudze chilichonse n'chakuti firewall sidziwa munthu. Imaona adiresi ya IP (nambala ya chipangizo pa netiweki) kumene paketi, kachidutswa ka data, yachokera, adiresi ya kumene ikupita, nambala ya port (khomo losonyeza mtundu wa ntchito), ndi nthawi malinga ndi wotchi yake. Kuti muchoke pamenepa mufike ponena kuti wakutiwakuti ndiye anadawuniloda mafilimu Lachiwiri, wotchiyo iyenera kukhala yolondola, adiresiyo iyenera kuloza chipangizo chimodzi chodziwika pa nthawi imeneyo, ndipo chipangizocho chiyenera kukhala choti mukudziwa amene anali nacho m'manja. Pakaduka pamodzi pokha, dzina limene mungatchule mwangoliganizira.

Onani kaye ngati mzere wadzazadi

Anthu ambiri amathamangira kufufuza wolakwa asanatsimikize kuti pali mlandu. Pa nthawi imene anthu akudandaula, tsegulani Status > Traffic Graph ndi kusankha WAN, mbali ya firewall yoyang'ana ku intaneti. Ngati mumalipira mzere wa 10 Mbps ndipo chithunzicho chakwera n'kukhala chathyathyathya pafupi ndi 10, mzere wadzazadi ndipo kufufuza kuli ndi tanthauzo. Ngati chithunzicho chili pansi, pa 2 kapena 3, koma masamba akuchedwabe, vuto silili kwa ogwira ntchito anu. Pitani pa Status > Gateways muone ngati mapaketi akutayika panjira yopita kwa okupatsani intaneti kapena akuchedwa kubwerera, kenako muyese kompyuta imodzi yolumikizidwa ndi kebulo, chifukwa Wi-Fi yofooka imachedwetsa zinthu mofanana kwambiri ndi mzere wodzaza.

Samalani ndi miyeso. Makampani a intaneti amagulitsa liwiro m'ma bit pomwe bandulo imawerengedwa m'ma byte, ndipo byte imodzi ili ndi ma bit 8. Mzere wa 10 Mbps umanyamula 1.25 MB pa sekondi, kutanthauza 4.5 GB pa ola limodzi ukadzaza. Kompyuta imodzi imene yatsala yoyaka usiku ikudawuniloda ikhoza kumaliza ma GB oposa 40 kusanache, popanda munthu aliyense kukhala pampando. Onaninso mbali yotumiza, chifukwa pa mizere yambiri liwiro lotumiza ndi laling'ono kuposa lolandira, ndipo foni imodzi imene ikukweza mavidiyo a ukwati ku Google Photos kapena ku iCloud ikadzaza mbali imeneyi, aliyense amaona ngati intaneti yafa ngakhale mbali yolandira ili ndi malo ambiri.

Kaundula alibe kanthu, kapena wadzaza ndi zopanda pake

Mukatsegula Status > System Logs > Firewall pa pfSense imene sinasinthidwe, mudzaona pafupifupi mizere ya zinthu zokanidwa zokhazokha. Chifukwa chake n'chakuti firewall imalemba yokha zimene lamulo lomaliza lokana zonse lagwira, koma lamulo lolola makompyuta a pa LAN, netiweki ya mkati mwa ofesi, kutuluka sililemba kanthu pokhapokha mutalitsegula pa Firewall > Rules > LAN ndi kuchonga kabokosi kolembedwa kuti Log packets that are handled by this rule. Motero ntchito yonse ya anthu a mu ofesi, imene ndiyo mukuifuna, imadutsa mwakachetechete.

Mukachonga kabokosiko mudzayamba kuona mizere yonena, mwachitsanzo, kuti pa 09:42:17, pa LAN, 192.168.1.57 yalumikizana ndi 203.0.113.10 pa port 443, ndipo kumapeto kwalembedwa TCP:S. Chilembo S chikusonyeza paketi yoyamba yotsegulira kulumikizanako, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Firewall ya mtundu uwu imafunsa malamulo pa paketi yoyamba yokha, kenako imasunga kulumikizanako m'ndandanda wa ma state, ndipo mapaketi onse otsatira amadutsa osalembedwanso. Munthu amene wadawuniloda fayilo ya 5 GB akhoza kusiya mzere umodzi m'kaundula, pomwe wina amene wangotsegula tsamba la nyuzipepala lodzaza ndi zotsatsa malonda wasiya mizere 200. Kuwerenga mizere ya m'kaundula kuti mupeze womaliza data ndi njira yachidule yonamizira munthu wosalakwa. Kaundulayu amayankha funso lakuti ndani analumikizana ndi kuti, nthawi yanji. Funso la kuchuluka kwa data saliyankha.

Vuto linzake ndi phokoso. Adiresi iliyonse yoonekera pa intaneti imagogodedwa usana ndi usiku ndi makina ofufuza ma port otseguka, ndipo mkati mwa ofesi maprinta, ma TV ndi mafoni amangolengeza kukhalapo kwawo pa port 5353, 1900, 137 ndi 138. Fayilo ya kaundula pa pfSense imasinthidwa ikafika pafupifupi 500 KB ngati simunakulitse, ndipo mafayilo akale amasungidwa ochepa chabe, choncho phokosoli limakankhira kunja mizere yofunika m'maola ochepa. Ikani lamulo lokana phokoso lodziwikali popanda kulilemba, mulikweze pamwamba pa malamulo ena, ndipo kulitsani mafayilo pa Status > System Logs > Settings. Mizere yokanidwa yothera ndi TCP:FA, TCP:RA kapena TCP:PA isakuopseni ikamaoneka mwa apo ndi apo, chifukwa kawirikawiri ndi mapaketi ochedwa a kulumikizana kumene kunatsekedwa kale. Ikachuluka kwambiri ndipo anthu akudandaula kuti zinthu zikuduka, funsani ngati pali rauta yachiwiri imene ikuchititsa mapaketi kupita njira ina n'kubwerera ina.

Kuyeza kuchuluka kwa data

Pofuna kuona amene akudzaza mzere pa mphindi ino, Traffic Graph yomweyo imakwanira mukasankha LAN, chifukwa pambali pake pamatuluka ndandanda wa maadiresi ndi liwiro la iliyonse, ndipo Diagnostics > pfTop imaonetsa kulumikizana kulikonse ndi ma byte amene adutsapo. Zida ziwirizi sizisunga mbiri ya chipangizo chilichonse. Kuti mudziwe za dzulo kapena za sabata yatha pafunika chida chowerengera, monga ntopng, bandwidthd kapena darkstat, kapena softflowd imene imatumiza chidule cha kulumikizana kulikonse ku seva ina mu NetFlow, njira imene inayambitsidwa ndi Cisco. Pa OPNsense zimenezi zilimo kale pansi pa Reporting, mumangoyatsa NetFlow n'kumawerenga pa Insight.

Cholakwika chimene chimabwerezedwa kwambiri apa ndi kuuza chidacho kuti chizimvetsera pa WAN. Paketi ikamatuluka, firewall imachotsa adiresi ya mkati n'kuikapo yake kudzera mu NAT, choncho pa WAN ofesi yonse imaoneka ngati chipangizo chimodzi. Chidacho chizimvetsera pa LAN ndi pa VLAN iliyonse (chigawo chapadera cha netiweki yanu) imene muli nayo. Dziwaninso kuti ntopng imafuna RAM yambiri ndipo imalemba pa disiki mosalekeza, moti pa kabokosi kakang'ono kosungira pa eMMC kapena pa khadi, ndi bwino kutumiza NetFlow ku kompyuta ina kusiyana ndi kuthetsa disiki ya firewall.

Adiresi imodzi ikuoneka kuti ikumeza zonse

Ili ndilo vuto limene ndimaliona kuti limanamiza anthu kuposa ena onse. Lipoti likusonyeza kuti 192.168.1.23 yatenga data yochuluka kuposa ena onse pamodzi, ikulumikizana ndi Facebook, YouTube, WhatsApp, Microsoft ndi mabanki nthawi imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Palibe munthu mmodzi amene amachita zonsezi. Pafupifupi nthawi zonse adiresi yoteroyo ndi ya rauta ya Wi-Fi imene wina anagula kuti netiweki ifike ku chipinda chakutali, n'kulowetsa kebulo yochokera ku switch, bokosi lolumikiza makebulo a netiweki, m'bowo lolembedwa WAN, limene pa marauta ambiri limakhala la mtundu wosiyana ndi mabowo ena anayi. Rauta yolumikizidwa chotero imapereka maadiresi akeake kwa mafoni ndi malaputopu, n'kumawabisa onse kuseri kwa adiresi yake imodzi. Firewall imakhala ngati wapolisi wa pa rodibuloko amene walemba nambala ya minibasi koma sanaone nkhope za okwera.

Kuti mutsimikize, pezani adiresi ya MAC ya chipangizocho, nambala imene chimabwera nayo kuchokera ku fakitale, pa Diagnostics > ARP Table. Zilembo ndi manambala asanu ndi limodzi oyambirira amaloza kampani imene inachipanga, ndipo mukapeza TP-Link, Tenda kapena D-Link pamene mumayembekezera laputopu, yendani m'zipinda mukayang'ane kuseri kwa makabati ndi pansi pa madesiki. Njira ina ndi kutenga foni imene ili pa Wi-Fi imeneyo n'kuona adiresi yake: ngati ofesi imagwiritsa ntchito 192.168.1 koma foniyo ili pa 192.168.0, yankho mwalipeza.

Kukonza kwake n'kosavuta. Ngati rautayo ili ndi Access Point Mode, sankhani imeneyo. Ngati ilibe, zimitsani DHCP yake, imene ndi ntchito yogawa maadiresi, ipatseni adiresi yokhazikika ya m'netiweki yanu imene siili m'gulu la maadiresi ogawidwa, kenako chotsani kebulo m'bowo la WAN n'kuilowetsa m'limodzi la mabowo a LAN. Musadumphe kuzimitsa DHCP, chifukwa mukatero mudzakhala ndi zida ziwiri zogawa maadiresi pa netiweki imodzi, ndipo makompyuta ena adzayamba kutaya intaneti mosadziwika bwino. Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso laputopu ikayatsa Mobile hotspot ya Windows n'kumagawira mafoni a anzake: data yonse imalembedwa pa laputopuyo.

Adiresi ya dzulo si ya lero

Maadiresi ambiri amagawidwa ndi DHCP mongobwereketsa, ndipo pa pfSense nthawi yobwereketsa imayambira pa masekondi 7200, amene ndi maola awiri, ngati chipangizo sichinapemphe nthawi ina. Chipangizo chikakhalapobe chimangowonjezera nthawi, koma chikachoka, adiresi ija ikhoza kupatsidwa kwa china, makamaka pamene maadiresi ogawidwa ndi ochepa poyerekeza ndi anthu olowa ndi kutuluka. Amene amatenga lipoti la Lolemba n'kuliyerekeza ndi Status > DHCP Leases ya Lachinayi amapeza dzina la munthu amene mwina Lolembalo anali kumudzi ku maliro. Lipoti la tsiku lina liyerekezedwe ndi kaundula wa DHCP wa tsiku lomwelo ndi ola lomwelo.

Kwa zipangizo za ofesi, mankhwala ake ndi kumanga adiresi iliyonse ku MAC ya chipangizo chake. Pa tsamba la DHCP Leases pali kachizindikiro kowonjezera static mapping pambali pa mzere uliwonse. Sankhani adiresi ya kunja kwa gulu logawidwa, ndipo lembani dzina lomveka monga akaunti-desiki-2 kapena printa-resepishoni. Ndi ntchito yotopetsa tsiku loyamba, koma malipoti onse otsatira amakhala owerengeka.

Mafoni ndi nkhani ina. Kuyambira pa Android 10 ya mu 2019 ndi iOS 14 ya mu 2020, mafoni sapereka MAC yawo yeniyeni ku Wi-Fi, amapeka ina pa netiweki iliyonse, ndipo pa mafoni ena yopekayo imatha kusinthanso pakapita nthawi. MAC yopeka imazindikirika ndi chizindikiro chachiwiri: chikakhala 2, 6, A kapena E, monga pa adiresi yoyamba ndi da: kapena 7e:, palibe kampani imene mungaipeze pofufuza. Ndandanda wanu ukadzaza ndi zipangizo zopanda mayina zimene zikuoneka ngati alendo atsopano, nthawi zambiri ndi mafoni omwe aja. Pa mafoni a bungwe mukhoza kuzimitsa zimenezi pa netiweki ya ofesi yokha, pa Private Wi-Fi Address pa iPhone kapena posankha MAC ya chipangizo pa Android. Pa mafoni a anthu eni ake, maganizo anga ndi akuti musalimbane nawo. Apatseni Wi-Fi yawoyawo pa VLAN ina, yokhala ndi malire a liwiro, ndipo muziwawerengera monga gulu limodzi.

Wotchi yolakwika ndi kaundula wosowa magetsi akathima

Kaundula wa nthawi yolakwika sangayerekezedwe ndi chilichonse. Pa System > General Setup sankhani Africa/Blantyre ngati muli ku Malawi, kapena dera lanu ngati muli kwina, chifukwa firewall yosiyidwa pa UTC, nthawi ya padziko lonse, imatsalira ndi maola awiri, ndipo zimene zinachitika anthu atafika pa ntchito 8 koloko zimaoneka ngati zinachitika 6 koloko kulibe munthu koma mlonda. Onani pa Status > NTP ngati firewall ikulandira nthawi, ndipo ngati siikulandira, fufuzani ngati port 123 ya UDP yatsekedwa penapake. Pa makompyuta akale, kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard kakatha, wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo nthawi iliyonse magetsi akathima, ndipo mizere yoyamba ya m'kaundula imakhala ndi madeti osamveka mpaka intaneti itabwerera.

Ngati kaundula amayambira pa nthawi imene magetsi anayakanso, pitani pa System > Advanced > Miscellaneous muone ngati RAM disk yayatsidwa. Ikayatsidwa, mafayilo a kaundula amakhala mu RAM pofuna kuteteza disiki, amakoperedwa pa disiki pozimitsa bwinobwino kapena pa nthawi imene mwaika, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi zonse za pambuyo pa kukopera komaliza zimapita. Njira yodalirika ndi kutumiza kaundula ku kompyuta ina kudzera mu syslog, imene imagwiritsa ntchito port 514 ya UDP, ndipo musatumize za firewall zokha, muphatikizepo za DHCP, za DNS (ntchito yomasulira mayina a masamba kukhala maadiresi) ndi za olowa pa captive portal (tsamba lofunsa dzina ndi pasiwedi munthu asanalowe pa intaneti). Firewall, switch ndi seva yolandirayo zikhale pa UPS, chifukwa UDP sibwereza uthenga umene watayika panjira.

Kumene data ikupita sikukuoneka

Tiyerekeze kuti chipangizo mwachipeza, koma lipoti likungoti port 443 ndi maadiresi a Cloudflare, Akamai, Amazon kapena Google. Izi sizikutanthauza kuti chida chanu chawonongeka. Pafupifupi masamba onse masiku ano amayenda pa HTTPS, zamkati mwake n'zobisika, ndipo adiresi imodzi ya makampani amenewa imatumikira masamba ambirimbiri osagwirizana. Chimene chimaonekabe nthawi zambiri ndi dzina la seva limene msakatuli amatchula poyambitsa kulumikizana, lotchedwa SNI, ndipo ntopng imadalira kwambiri limeneli posiyanitsa YouTube ndi Gmail. Mayina ake sakhala amene munthu analemba: mavidiyo a YouTube amachokera ku googlevideo.com, zithunzi ndi mavidiyo a Facebook ku fbcdn.net. Tsamba lenileni limene munthu anawerenga, mawu amene anafufuza kapena uthenga umene anatumiza sizioneka, ndipo njira yatsopano yotchedwa Encrypted Client Hello ikubisanso dzina la sevalo kumene yayatsidwa.

Gwero lachiwiri la mayina ndi DNS. Mukawonjezera log-queries: yes pansi pa server: m'bokosi la Custom options la DNS Resolver, firewall imalemba dzina lililonse limene chipangizo chafunsa, ngakhale kuti mizere yake imachuluka kwambiri moti imafuna seva yakunja ija. Chipangizo chikasowa m'kaundula ameneyu koma data ikuyenda, ndiye kuti chikufunsa kwina. Chimene chalembedwa pamanja 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1, maseva a DNS a Google ndi Cloudflare, chimabwezedwa ndi lamulo la pa Firewall > NAT > Port Forward lotembenuzira port 53 yonse ya pa LAN ku 127.0.0.1. Private DNS ya Android imayenda pa port 853, imene mukhoza kuitseka, koma dziwani kuti foni imene mwini wake analembamo dzina la seva inayake idzanena kuti Wi-Fi ilibe intaneti, ndipo mudzalandira madandaulo. Chovuta kwambiri ndi DNS over HTTPS, imene inakhazikitsidwa mu 2018, chifukwa imabisala pa port 443 pamodzi ndi masamba wamba. Firefox imasiya kuiyatsa yokha DNS yanu ikakana dzina lakuti use-application-dns.net, koma osati pamene munthu waiyatsa dala, ndipo pfBlockerNG ili ndi ndandanda wa maseva odziwika amene mungawatseke. Pa makompyuta a ofesi, kuizimitsa kudzera m'malamulo a msakatuli monga Group Policy n'kodalirika kuposa kuthamangitsana ndi maseva atsopano.

Mukaona data yambiri pa port 443 ya UDP, imeneyo ndi QUIC, njira yatsopano yonyamulira masamba ndi mavidiyo imene Chrome, YouTube ndi mapulogalamu ena ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo zida zina zakale siziizindikira. Mukaikana, misakatuli imabwerera yokha pa njira yakale ya TCP. Gwiritsani ntchito Reject osati Block pa lamulo limeneli kuti chipangizo chidziwe msanga kuti njirayo yatsekedwa. Koma chipangizo chimene data yake yonse ikupita ku adiresi imodzi kwa maola ambiri, kawirikawiri pa port 1194 kapena 51820, chili pa VPN, njira yobisa zonse zimene chikutumiza ndi kulandira, ndipo mudzangodziwa kuchuluka kwa data basi.

Pali njira yotsegula HTTPS pakati panjira poika satifiketi ya bungwe m'kompyuta iliyonse. Kwa ofesi imene vuto lake ndi bandulo yotha msanga, sindiilimbikitsa: imasokoneza mapulogalamu a mabanki ndi ena amene amakana satifiketi yachilendo, ndipo imaika mapasiwedi ndi nkhani zachinsinsi za anthu m'manja mwa woyang'anira firewall, katundu amene palibe anamupempha kuti asenze.

Kumbukiraninso kuti zimene sizidutsa pa firewall sizioneka konse. Makompyuta awiri a pa netiweki imodzi akamakoperana mafayilo, kapena makamera akamatumiza zithunzi ku chojambulira chawo, zonse zimathera pa switch, ndipo laputopu yolumikizidwa ku MiFi ya mwini wake simuiona n'komwe.

Kuchoka pa chipangizo kufika pa munthu

Pa kompyuta imene anthu amasinthana, kapena pa Wi-Fi imene pasiwedi yake inalembedwa pakhoma ndipo anthu a nyumba zoyandikana akuidziwa, palibe lipoti limene lingatchule munthu. Pafunika kuti aliyense azilowa ndi dzina lake, kudzera pa captive portal kapena pa WPA2-Enterprise yodalira seva ya RADIUS yotsimikizira mayina ndi mapasiwedi, ndipo alendo azipatsidwa mavawucha otha nthawi. Ngakhale zitatero, dzina la m'kaundula limangonena akaunti imene inagwiritsidwa ntchito, ndipo anthu amabwerekana mapasiwedi.

Musanapite kwa abwana ndi dzina, onani mtundu wa datayo. Kawirikawiri womaliza bandulo amakhala makina: Windows Update pa makompyuta 30 tsiku limodzi, OneDrive kapena Google Drive imene ikukweza foda yaikulu, mafoni amene anaikidwa kuti azikonzanso mapulogalamu awo akangopeza Wi-Fi, kapena chojambulira makamera chimene wina akuonera ali kunyumba. Data imene ikuyenda mofanana usiku wonse kupita ku adiresi yosadziwika ikhoza kukhala kachilombo ka pa kompyuta, ndipo pamenepo mwini desikiyo ndi wofunika thandizo. Pa zambiri mwa izi, malire a liwiro amathetsa vuto popanda kuitana aliyense ku ofesi ya abwana. Pa Firewall > Traffic Shaper > Limiters pangani malire awiri, otumiza okhala ndi mask ya source addresses ndi olandira okhala ndi mask ya destination addresses, kenako muwaike pa lamulo la LAN. Mask imeneyi ndi imene imachititsa kuti chipangizo chilichonse chikhale ndi malire akeake. Mukaiiwala, ofesi yonse idzagawana liwiro limene munafuna kupatsa munthu mmodzi, ndipo intaneti idzachedwa kuposa kale.

Kaundula amene akusonyeza masamba amene munthu wodziwika anatsegula ndi nkhani ya chinsinsi chake. Ku Malawi, gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu kuphatikizapo mauthenga ake a pa lamya ndi njira zina zolumikizirana, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linapatsa MACRA udindo woyang'anira mmene mabungwe amasonkhanitsira ndi kusungira zinthu zoterezi. Bungwe likhale ndi ndondomeko yolembedwa, yoti ogwira ntchito aiwerenge ndi kusainira, yonena zimene zimalembedwa, chifukwa chake, amene ali ndi chilolezo chowerenga, ndi nthawi imene zimafufutidwa. Woyang'anira makompyuta asamatsegule mbiri ya munthu chifukwa chakuti mkulu wina wamunong'oneza pakhonde. Pempho lotero libwere molembedwa, kuchokera kwa amene ndondomekoyo yamupatsa mphamvu.

Mukamaliza kukonza, yesani zonse ndi laputopu imodzi yodziwika. Lembani nthawi ya pa foni yanu, lowani ndi akaunti yoyesera pa Wi-Fi ya kutali kwambiri ndi firewall, ndipo dawunilodani fayilo imene mukudziwa kukula kwake, monga ya 500 MB. Kenako fufuzani laputopuyo m'kaundula wa DHCP, wa DNS, wa captive portal ndi m'lipoti la data, pa firewall ndi pa seva yakunja. Adiresi ikhale ya laputopuyo osati ya rauta, nthawi igwirizane mpaka pa mphindi, ndipo kuchuluka kwake kupose pang'ono 500 MB chifukwa paketi iliyonse imanyamula mitu yake. Onaninso ngati data yalembedwa mbali yolandira kapena yotumiza, chifukwa zida zina zimawerenga In ndi Out poyang'anira kumbali ya firewall osati ya munthu. Mayeso amenewa abwerezedwe nthawi iliyonse mukasintha pulogalamu ya firewall, mukawonjezera VLAN, kapena wina akabweretsa rauta yatsopano m'nyumbamo.